Kodi Mumadziwa? Thabwa la Chitonzo Limene Linasanduka Liwu

Wophunzira wa ku Seoul amene akuloweza mawu ovuta a Chingerezi, akafika pa chilembo cha P, amakumana ndi liwu lakuti pillory. Mtanthauziramawu amamupatsa matanthauzo awiri. Loyamba ndi thabwa limene ankamangirirapo olakwa kalekale. Lachiwiri ndi kuyalutsa munthu pagulu. Thabwalo sanalionepo, koma kuyalutsako amakudziwa bwino, pakuti chilankhulo chake chili ndi mawu ambiri a nkhani imeneyi. Tiyeni tilitsate liwuli kuchokera pamsika wa ku London mpaka pa foni ya mnyamata wa ku Korea.

THABWA LENILENILO

Kodi mumadziwa kuti pillory anali matabwa awiri okhomeredwa pamwamba pa nsanamira, okhala ndi mabowo atatu? Bowo lapakati linali la khosi, awiri am'mbali anali a manja. Akatseka thabwa lapamwamba, munthu ankaima chowerama, osatha kubisa nkhope, osatha ngakhale kuingitsa ntchentche. Analiponso matabwa ena otchedwa stocks, koma awo ankagwira miyendo yokha munthu ali chikhalire, manja ali omasuka kuphimba kumaso. Ophunzira ambiri amasokoneza mawu awiriwa, chonsecho wolangidwa aliyense ankadziwa kusiyana kwake.

Kodi mumadziwa kuti Angerezi anabwereka liwuli ku Chifalansa chakale, ndipo lakhala m'chilankhulo chawo kuyambira zaka za m'ma 1200? Malamulo a nthawi imeneyo ankaloza makamaka ochita malonda achinyengo, monga wophika buledi wosakwana sikelo. N'chifukwa chake thabwalo linkakhala pamsika kapena pamphambano: amene anabera ogula aonedwe ndi ogula omwewo.

Kodi mumadziwa kuti nthawi zambiri chilangochi chinkatha ola limodzi lokha? Woweruza ankatchula ola, koma kukula kwa chilango kunali m'manja mwa khamu. Ena ankangosekedwa. Ena ankagendedwa ndi mazira owola, matope, ndowe, amphaka akufa, mwinanso miyala. Mu 1732, John Waller, amene ankanamizira anthu milandu kuti alandire mphoto, anaphedwa ali pa thabwa mu London, ngakhale khoti silinamulamule kuti afe.

Kodi mumadziwa kuti mlembi wa buku la Robinson Crusoe anaimapo pa thabwa limeneli? Daniel Defoe analangidwa masiku atatu otsatizana kumapeto kwa Julayi 1703 chifukwa cha kabuku kamene kanakwiyitsa akuluakulu a boma ndi a mpingo. Anthu amasimba kuti khamu linamuponyera maluwa m'malo mwa miyala. Boma likhoza kumanga munthu pamsika, koma silingalamule anthu kuti amuseke.

Kodi mumadziwa kuti munthu womaliza kuikidwa pa thabwali ku England anali Peter James Bossy, mu 1830, chifukwa chopereka umboni wabodza? Mu 1837 chilangocho chinathetsedwa. Ku America, dera la Delaware linakakamirabe mpaka 1905. Ndipo kwa anthu olankhula Chipwitikizi dzinalo likadali pa mapu: Pelourinho, dera lakale la mzinda wa Salvador ku Brazil, linatchedwa choncho chifukwa cha nsanamira imene ankakwapulirapo akapolo.

Kodi mumadziwa kuti thabwa litachotsedwa, liwu linatsala n'kuyamba kugwira ntchito ngati mneni? Lero nyuzipepala ikalemba kuti nduna "was pilloried in the press", palibe thabwa lililonse. Ndiye kuti atolankhani aiyalutsa, ndipo dziko lonse laiseka. Wophunzira wa ku Korea amauzidwa kukumbukira zinthu zitatu: mphamvu ya mawu imagwera pa phatikizo loyamba, chilembo cha y chimasanduka i m'nthawi yakale, ndipo kawirikawiri mneniyu amakamba za wochitiridwa. Ochita chipongwewo satchulidwa mayina chifukwa amakhala ambiri.

LILIME LA MKOREYA

Kodi mumadziwa kuti anthu a ku Korea ali ndi vuto la l ndi r ngati lathu lomweli? Mu zilembo zawo za Hangul, zimene Mfumu Sejong inapanga mu 1443 ndi kuzilengeza mu 1446, muli chilembo chimodzi chotchedwa rieul chimene chimaimira zonse ziwiri. Chikakhala pakati pa mavawelo chimamveka ngati r, chikakhala kumapeto kwa phatikizo chimamveka ngati l. Ifenso m'Chichewa timalemba r pambuyo pa i ndi e, monga m'mawu akuti kulira ndi kulera, koma pakamwa sitisiyanitsa kwenikweni. Tsono pillory ali ndi l ndi r motsatizana, ndipo Mkoreya amalilemba kuti pil-leo-ri, kubwereza chilembo chomwecho katatu.

Kodi mumadziwa kuti ana a ku South Korea amayamba Chingerezi m'kalasi lachitatu la pulayimale, ndipo zakhala choncho kuyambira 1997? Akamaliza sekondale amalemba mayeso olowera ku yunivesite otchedwa Suneung, amene amachitika tsiku limodzi mu Novembala. Pepala la Chingerezi lili ndi mafunso 45, ndipo 17 mwa iwo ndi omvetsera. Kwa mphindi 35 pa nthawi ya mafunso omvetserawo, ndege siziloledwa kunyamuka kapena kutera m'dziko lonse, kupatula pangozi, kuopa kusokoneza ana. Maofesi ambiri amatsegula mochedwa tsikulo kuti misewu isadzaze.

Kodi mumadziwa kuti ali ndi njira yolowezera mawu yotchedwa kkamji, kutanthauza pepala lakuda? Wophunzira amalemba liwu limodzi mobwerezabwereza, timalemba ting'onoting'ono, mpaka pepala loyera lida bii. Aphunzitsi ena ankapereka kkamji ngati chibalo. Amene satsata njirayi amaloweza pofufuza muzu wa liwu, kapena poliyerekeza ndi liwu la Chikoreya lomveka mofanana. Kwa pillory, chothandiza n'kukumbukira pillar, nsanamira. Chosokoneza ndi pillow, pilo wogonera, amene amangofanana nalo kamvekedwe basi.

KAL NDI NG'OMA YA KUMSANA

Kodi mumadziwa kuti mabuku ambiri otanthauzira mawu amamasulira pillory kuti kal, liwu limene Mkoreya wa lero akalimva amayamba waganiza za mpeni? Mawu awiriwa amamveka ndi kulembedwa chimodzimodzi. Kal wa chilango anali thabwa lalitali ndi lolemera lovekedwa m'khosi mwa mkaidi m'nthawi ya ufumu wa Joseon. Azungu ankalitcha cangue, kuchokera ku liwu la Chipwitikizi lotanthauza goli la ng'ombe. Amene anaonapo zithunzi za goli limene ogula akapolo ankamangira anthu m'khosi pa ulendo wa kunyanja akhoza kumva kulemera kwake.

Kodi mumadziwa kuti mwana aliyense wa ku Korea amadziwa kal kudzera mu nthano ya Chunhyang? Uyu ndi mtsikana wa ku Namwon amene anakana bwanamkubwa watsopano chifukwa anali atalonjezana kale ndi mnyamata wina. Anaponyedwa m'ndende, thabwa lili m'khosi. Nthanoyi imaimbidwa m'mayimbidwe a pansori, ndipo filimu yake ya mu 2000, yotsogoleredwa ndi Im Kwon-taek, inakapikisana pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes. Apa ndiye pali msampha wa kumasulira. Kal ankavalidwa m'ndende kuti mkaidi asathawe, ndipo amakumbutsa mkazi wolimba mtima wozunzidwa popanda chifukwa. Pillory ankaikidwa pamsika kuti anthu aseke. Mtengo ndi wofanana, cholinga n'chosiyana.

Kodi mumadziwa kuti liwu la Chikoreya loyandikira kwambiri tanthauzo la pillory lilibe thabwa konse? Liwulo ndi joridollim. Kumudzi, munthu wolakwira mwambo ankamangiriridwa ng'oma kumsana, mlandu wake utalembedwa pa pepala, ndipo ankamuzungulitsa mudzi wonse akuimba ng'omayo kuti aliyense atuluke adzaone. Sizisiyana kwambiri ndi zija zomukoleka wakuba nkhuku m'khosi n'kumuyendetsa ana akumukuwiza pambuyo. Chilango china chinali meongseongmari: kumukulunga munthu m'mphasa ya udzu n'kumumenya.

Kodi mumadziwa kuti joridollim yotchuka kwambiri inachitika m'misewu ya Seoul mu Meyi 1961? Patangopita masiku ochepa asilikali otsogoleredwa ndi Park Chung-hee atalanda boma pa 16 Meyi, anasonkhanitsa zigawenga za m'tauni n'kuziyendetsa mumzinda pansi pa nsalu yolembedwa kuti iwo ndi zigawenga ndipo alandira chiweruzo cha anthu. Patsogolo panali Lee Jung-jae, mkulu wa zigawenga za ku Dongdaemun, amene kale ankatumikira andale a chipani cholamula. Anaphedwa ndi boma mu Okutobala chaka chomwecho. Masiku ano achinyamata akati joridollim amanena za munthu amene gulu lamuunjirira pa intaneti. Liwu la ku Korea ndi la ku England ayenda ulendo umodzi.

Kodi mumadziwa kuti m'Chikoreya muli mawu oopsezera akuti gyeong-eul chida, amene lero amangotanthauza kukalipiridwa koopsa? Anachokera ku chilango chodinda mphini za inki pa thupi la mbava kuti idziwike moyo wake wonse. Mfumu Yeongjo inathetsa chilangochi mu 1740. Liwu la Chingerezi lakuti stigma lili ndi mbiri yomweyo: kwa Agiriki linali chizindikiro chodindidwa pa khungu la kapolo kapena wolakwa. Mkoreya amalimasulira kuti nagin, chidindo cha chitsulo chamoto.

BANJA LA MAWU A MANYAZI

Kodi mumadziwa kuti liwu la Chikoreya lakuti bukkeureopda limanyamula katundu wofanana ndi liwu lathu lakuti manyazi? Limakwanira kwa mwana wobisala kumbuyo kwa mayi ake mlendo akabwera, komanso kwa bambo wogwidwa akuba. Chingerezi chimagawa katunduyu patatu: shy kwa wamanyazi achibadwa, embarrassed kwa amene wapunthwa anthu akuona, ashamed kwa amene chikumbumtima chikumutsutsa. Wophunzira akafuna kunena kuti amachita manyazi polankhula ndi alendo, koma n'kusankha ashamed, womumvera amadabwa kuti walakwanji. Msampha wina ndi mawu akuti "what a shame", amene sakamba za manyazi konse. Amangotanthauza kuti zachisoni.

Kodi mumadziwa kuti anthu a ku Korea amayeza manyazi malinga ndi kuchuluka kwa oonerera? Changpi ndi manyazi a tsiku ndi tsiku. Mangsin ndi kuyaluka pamaso pa anthu. Akawonjezera liwu lotanthauza galu kutsogolo kwake, n'kukhala gaemangsin, ndiye kuti munthu wayalukiratu. Mkoreya akachita zosayenera kunja kwa dziko amati nara mangsin, wachititsa manyazi dziko lonse. Achinyamata ali ndi lawo, jjokpallida, limene anthu amalimasulira kuti nkhope yagulitsidwa.

Kodi mumadziwa kuti mawu a Chingerezi akuti "lose face" ndi obwereka ku Asia? Angerezi okhala ku China m'zaka za m'ma 1800 anawamasulira kuchokera ku Chitchaina. Kwa Mkoreya awa ndi mawu osavuta, chifukwa ali kale ndi chemyeon, nkhope imene munthu amaonetsa kwa anthu ndipo ayenera kuiteteza. Wopanda manyazi amamutcha cheolmyeonpi, wa khungu la kumaso lachitsulo. Angerezi nawo amati brazen, kuchokera ku brass, chitsulo cha mkuwa. Mitundu iwiri yotalikirana inagwirizana kuti wopanda manyazi nkhope yake ndi chitsulo.

Kodi mumadziwa kuti humiliate muzu wake ndi liwu la Chilatini lotanthauza dothi? Kunyazitsa munthu ndiko kumutsitsira pansi. Aphunzitsi a ku Korea savutika kupeza chitsanzo. Mu 1637, Mfumu Injo, itazingidwa masiku oposa 40 mu linga la Namhansanseong, inatuluka n'kukagwada katatu ndi kugunditsa mutu pansi kasanu ndi kanayi pamaso pa Hong Taiji, mfumu ya Qing, pamalo otchedwa Samjeondo. Mwala wokumbutsa tsikulo ukadalipo mu Seoul, pafupi ndi nyanja yaing'ono ya Seokchon. Ndipo tsiku la 29 Ogasiti 1910, pamene Japan inalanda dziko lawo, amalitcha Gyeongsul gukchi, manyazi a dziko.

Kodi mumadziwa kuti ostracize, kusala munthu, kunachokera ku mapale? Ku Athens wakale nzika zinkalemba pa phale dzina la munthu amene zinkafuna achoke mumzinda, ndipo wotchulidwa kwambiri ankathamangitsidwa kwa zaka 10. Ana a sukulu a ku Korea amalimva msanga liwuli kudzera mu wangtta, dzina la mwana amene kalasi yonse yagwirizana kumusala. Nalo liwu lakuti boycott ndi dzina la munthu, Charles Boycott, woyang'anira minda ku Ireland, amene mu 1880 anthu a m'dera lake anakana kumugwirira ntchito, kumugulitsa katundu ndi kumulankhula.

Kodi mumadziwa kuti buku la Nathaniel Hawthorne la mu 1850, The Scarlet Letter, linapatsa Chikoreya mwambi? Ndi nkhani ya mkazi wa ku Boston amene anaimikidwa pa nsanja ya pillory ndi kulamulidwa kuvala chilembo chofiira cha A pachifuwa chifukwa cha chigololo. Ku Korea mutu wa bukuli, juhong geulssi, umagwiritsidwa ntchito m'nyuzipepala ponena za mbiri yoipa imene imamatirira munthu osachoka. Mu 2004 kunatulukanso filimu ya ku Korea ya dzina lomwelo.

THABWA LA MASIKU ANO

Kodi mumadziwa kuti nkhani imodzi mwa zoyamba padziko lonse za kuyalutsana pa intaneti inachitikira m'sitima ya pansi pa nthaka ya ku Seoul mu Juni 2005? Kagalu ka mtsikana wina kanachita chimbudzi m'sitimamo, iye n'kukana kupukuta. Wina anamujambula n'kuika chithunzi pa intaneti. M'masiku ochepa dziko lonse linali likumutcha gaettongnyeo, mtsikana wa ndowe za galu, ndipo anthu anayamba kusakasaka kuti ndi ndani, amakhala kuti. Katswiri wa malamulo wa ku America, Daniel Solove, anatsegulira ndi nkhaniyi buku lake la mu 2007, The Future of Reputation. Kufukula mbiri ya munthu motere Mkoreya amati sinsang teolgi, Mngerezi amati doxxing, kuchokera ku docs, chidule cha zikalata.

Kodi mumadziwa kuti woimba wina anayalutsidwa chifukwa cha digiri yake ya Chingerezi? Tablo, wa gulu la Epik High, anaphunzira zolembalemba za Chingerezi pa yunivesite ya Stanford. Mu 2010 gulu la pa intaneti lotchedwa Tajinyo, la anthu oposa 100,000, linakakamira kuti akunama. Yunivesite inatsimikiza kuti anaphunziradi, apolisi nawo anatsimikiza mu Okutobala chaka chomwecho, koma ena sanakhulupirirebe. Mu 2012 khoti linagamula kuti ena mwa iwo akakhale kundende. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma apa nkhonyazo zinagwera munthu wosalakwa.

Kodi mumadziwa kuti ku Korea kuli mawu omveka ngati Chingerezi amene Mngerezi sangawamve tanthauzo lake, akuti photo line? Ndi kachizindikiro ka tepi komatidwa pansi, pakhomo la polisi kapena la ofesi ya oimira boma pa milandu, pamene munthu wotchuka woitanidwa kukafunsidwa amaima kuti atolankhani amujambule. Mwambowu unakhazikika Chung Ju-yung, amene anayambitsa kampani ya Hyundai, atatemeka pachipumi ndi kamera m'chipwirikiti cha atolankhani mu Januwale 1993. Poyamba cholinga chinali kuteteza wofunsidwayo. Atsogoleri akale a dziko anaimapo: Roh Tae-woo mu 1995, Roh Moo-hyun mu 2009, Park Geun-hye mu 2017 ndi Lee Myung-bak mu 2018. Otsutsa mwambowu amati munthu amalangidwa mlandu usanazengedwe. Mkangano unakula Lee Sun-kyun, wosewera mu filimu ya Parasite, atamwalira mu Disembala 2023 pambuyo poitanidwa katatu ku polisi makamera akuona. Mwezi wotsatira, Bong Joon-ho, wotsogolera filimuyo, ndi anzake aluso anapempha poyera kuti kafufuzidwe ka mlanduwo kaunikidwe.

Kodi mumadziwa kuti mtedza unayalutsa banja lolemera? Mu Disembala 2014, Cho Hyun-ah, mwana wa mkulu wa kampani ya Korean Air, anakwiya m'ndege yochokera ku New York chifukwa anamupatsa mtedza wa macadamia uli m'kapaketi osati m'mbale. Anagwaditsa mkulu wa ogwira ntchito m'ndegemo, n'kulamula kuti ndege ibwerere pageti kukamutsitsa. Nkhani itamveka, iye ndi bambo ake anawerama pamaso pa makamera kupepesa, ndipo anakhala m'ndende miyezi ingapo. Mayiko ena anaphunzira liwu la Chikoreya lakuti gapjil, nkhanza za wamkulu kwa wamng'ono. Wogwaditsa mnzake m'ndege anadzawerama pamaso pa dziko lonse.

Kodi mumadziwa kuti ku South Korea munthu akhoza kulangidwa chifukwa choipitsa dzina la mnzake ngakhale zimene wanenazo zili zoona? Gawo 307 la malamulo a milandu limalola chilango chofika zaka 2 m'ndende kapena chindapusa chofika ma won (ndalama za ku Korea) 5 miliyoni, pokhapokha zikaoneka kuti ananena pofuna kuthandiza anthu onse. Ngati zili zabodza, zaka zikhoza kufika 5. Mu Febuluwale 2021 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti lamuloli likhalebe, oweruza 5 kuvomera, 4 kukana. Choncho wophunzira akangoloweza kuti defamation ndi myeongye hweson, aphonya chinthu chachikulu, chifukwa m'makhoti a ku England ndi America kunena zoona ndi chitetezo champhamvu pa mlandu wotere.

Kodi mumadziwa kuti boma lomwelo limayalutsa ozemba msonkho? Kuyambira 2004 bungwe lotolera misonkho limasindikiza chaka ndi chaka mayina a anthu amene ali ndi ngongole yaikulu ya msonkho, ndipo malire ake tsopano ndi ma won 200 miliyoni osalipidwa kwa chaka chathunthu. Koma anthu wamba akayesa zomwezo amakumana ndi khoti. Tsamba la Bad Fathers, limene linayamba mu 2018 kuonetsa nkhope za makolo osapereka chithandizo cha ana, linachititsa ambiri kulipira, komabe khoti lalikulu mu 2024 linapeza woliyendetsa wolakwa. Tsamba lina la mu 2020, Digital Prison, linaikapo ngakhale anthu osalakwa, ndipo mwini wake anakagwidwira ku Vietnam.

Kodi mumadziwa kuti Korea inayesapo kuvula anthu chigoba pa intaneti? Lamulo la mu 2007 linkafuna kuti wolemba ndemanga pa masamba akuluakulu atsimikize kaye dzina lake lenileni. Mu Ogasiti 2012 khoti linalithetsa, ponena kuti linkapondereza ufulu wolankhula popanda umboni woti lachepetsadi kutukwana. Oimba awiri, Sulli ndi Goo Hara, amene ankanyozedwa kwambiri pa intaneti, anamwalira motsatizana mu Okutobala ndi Novembala 2019. Kampani ya Kakao inatseka malo a ndemanga pansi pa nkhani za zisangalalo mu Okutobala momwemo, ndipo ya Naver inachita chimodzimodzi mu Malichi 2020.

Kodi mumadziwa kuti amene anayambitsa nkhondo yolimbana ndi ndemanga zachipongwe ndi mphunzitsi wa Chingerezi? Ndemanga yoipa ku Korea imatchedwa akpeul: ak ndi choipa, peul ndi chidutswa cha liwu la Chingerezi lakuti reply. Mu 2007 Min Byoung-chul, amene anatchuka pophunzitsa Chingerezi pa wailesi yakanema, anapatsa ophunzira ake a pa yunivesite ntchito yokalemba ndemanga zolimbikitsa kwa anthu otchuka amene ankatukwanidwa. Apo ndi pamene panabadwira gulu la Sunfull, dzina lochokera ku seonpeul, ndemanga yabwino, ndipo linafalikira m'sukulu zambiri m'dzikomo.

Kodi mumadziwa kuti chilembo cha Chitchaina choimira manyazi, chimene chili m'mawu a Chikoreya monga suchi ndi gukchi, chinapangidwa polumikiza khutu ndi mtima? Aphunzitsi amakonda kufotokoza kuti mtima ukadziwa kulakwa, khutu limafiira. Manyazi otere amachokera m'kati mwa munthu mwini. A pillory amachita kubwera nawo anthu ena, miyala ili m'manja.

Woweruza wa ku London ankatchula ola limodzi, likakwana msilikali ankatsegula thabwa, munthu n'kupita kwawo kukasamba. Mtsikana wa m'sitima ya ku Seoul uja anajambulidwa mu 2005, ndipo nkhani yake ikuwerengedwabe m'mabuku mpaka lero, popanda womutsegulira. Tsono inu owerenga, chithunzi cha mnzanu chikakufikani pa WhatsApp kuti mutumizire ena, dziwani kuti dzira lowola lija laikidwa m'manja mwanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.